Dzina la webusaiti yathu latha nthawi, kodi tingotenga .co m'malo mwa .org?

Nasibeko: Moni nonse m'gulu muno. Ndabwera ndi vuto, amene mumadziwa za intaneti chonde ndithandizeni. Bungwe lathu laling'ono lophunzitsa ana kuwerenga lakhala ndi webusaiti ya dzina lothera ndi .org kwa zaka 4. Lolemba m'mawa nditatsegula ndapeza tsamba lachilendo lodzaza ndi zotsatsa malonda. Maimelo nawonso asiya kulowa, ndipo amene akutilembera akuti makalata awo akubwerera. Mnyamata amene anatikonzera webusaitiyo sakuyankha foni. Mnzanga wina akuti ndisavutike, ndingogula dzina lomwelo koma lothera ndi .co, akuti ndi chimodzimodzi. Ndi zoona kodi? Ine sindidziwa kuti .org, .com ndi .co zimasiyana pati, ndimangoona ngati ndi zokongoletsera kumapeto kwa dzina.

Tiyamike: Pepani kwambiri amayi. Musagule kaye kalikonse. Tidikire achimwene a Mphatso, ndi amene amagwira ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku.

Mphatso: Ndafika. Pepani amayi a Nasibeko. Mmene mwafotokozeramo, nthawi ya dzina lanu yatha ndipo palibe amene walipirira chaka china. Tsamba la zotsatsalo kawirikawiri limaikidwa ndi kampani imene dzinalo linalembetsedwako, podikira kuti mwini wake abwere. Ngati zili choncho ndiye kuti dzinalo silinapite kwa munthu wina. Lowani pa lookup.icann.org, mulembe dzina lanulo, kenako mutiuze dzina la registrar (kampani imene dzinalo linalembetsedwako), tsiku limene akuti dzinalo likutha, ndi mawu amene alembedwa pa status. Dzina lenilenilo musalilembe m'gulu muno. Kuli anthu amene ntchito yawo ndi kudikirira mayina akutha kuti awatenge.

Za .co zija, si chimodzimodzi ayi. .co ndi ya dziko la Colombia.

Nasibeko: Colombia? Ine ndimayesa kuti ndi .com yofupikitsidwa.

Mphatso: Ambiri amayesa choncho, ndipo n'chifukwa chake .co imagulidwa kwambiri. Tiyambe ndi kawerengedwe ka dzina. Ife anthu timawerenga kuchokera kumanzere, koma makompyuta amalitsata dzina kuchokera kumanja. Titenge www.example.com, dzina limene linasungidwa dala kuti lizigwira ntchito pa zitsanzo. Kumapeto kwenikweni, com ikatha, pali kadontho kamene sitikalemba. Kadontho kameneko kakuimira muzu wa mayina onse, umene amautcha root. Pansi pa muzu pali com, ndipo imeneyi ndi imene imatchedwa top-level domain, mwachidule TLD. Pansi pa com pali example, dzina limene munthu amalembetsa. Ndiye www ndi kanthambi kamene mwini wa example wadzipangira yekha. Akhoza kupanganso mail kapena china chilichonse popanda kupempha kwa aliyense.

TLD iliyonse ili ndi kaundula wakewake ndi bungwe lake lomusunga. Kaundula wa .com ndi wa .net amasungidwa ndi kampani ya Verisign. Wa .org amasungidwa ndi Public Interest Registry kuyambira 2003. Wa .uk ndi Nominet, wa .de ndi DENIC. Ndiye example.org ndi example.co ndi mayina awiri osiyana, ngati anthu awiri a dzina limodzi obadwira m'mabanja osiyana.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi imelo. Mukagula .co lero n'kuiwala za .org, aliyense amene anasunga adiresi yanu yakale azilemberabe ku .org. Tsiku limene munthu wina adzalembetse dzina lakalelo, makalata onsewo akhoza kumafikira kwa iye. Ndipo ngati munatsegula akaunti iliyonse pogwiritsa ntchito imelo imeneyo, munthuyo akhoza kupempha kusintha pasiwedi, uthenga n'kupita kwa iye.

Nasibeko: Mayo ine. Zimenezo sindinaziganizireko. Amene amatithandiza ndi ndalama onse amatilembera pa adiresi imeneyo, ndipo yalembedwa pa makalata ndi pa mabuku onse amene tinasindikiza. Ndikulowa pa tsamba mwanenalo tsopano lino.

Chisomo: Podikira amayi, ndifunseko achimwene. Mwatchula registrar, koma ndimamvanso registry. Ndi chinthu chimodzi?

Mphatso: Ayi achemwali, pali anthu atatu pamenepa. Registry ndi wosunga kaundula wa TLD yonse, ngati Verisign uja. Registrar ndi kampani imene inu mumalipirako, monga GoDaddy kapena Namecheap, ndipo ndi imene imakakulemberani dzina m'kaundulamo. Registrant ndi amene dzinalo lalembedwa kuti ndi lake. Ngakhale timati "ndagula domain", kwenikweni timangochita lendi. Pa .com ndi .org munthu amalipirira chaka chimodzi kapena kuposa, koma osapitirira zaka 10 nthawi imodzi. Hosting ndi nkhani inanso, imeneyo ndi seva yosungirako webusaiti yeniyeniyo. Mukhoza kukhala kuti hosting munalipira, mafailo onse ali bwinobwino, koma dzina lolozera kumeneko latha.

Nasibeko: Ndaona. Registrar yalembedwa, ndi kampani yakunja. Pa status pali mawu akuti auto renew period. Koma chikundizunguza mutu n'chakuti tsiku lotha likuonetsa chaka chamawa. Ndiye kuti wina walipira kale? Pamalo pa dzina la mwini wake palibe chimene chikuoneka, akuti zabisidwa.

Mphatso: Imeneyo ndi nkhani yabwino. Palibe amene walipira. Dzina likatha, registry imaliwonjezera yokha chaka chimodzi mongoyembekezera, n'chifukwa chake tsikulo likuonetsa chaka chamawa. Registrar imakhala ndi masiku osapitirira 45 kuti ione ngati mwini wake alipira. Akapanda kulipira, imalibweza dzinalo ndipo chaka chija chimafafanizidwa. Pamenepo dzina limalowa mu redemption period ya masiku 30. Mwini wake akhozabe kuliombola, koma ndalama zake zimakhala zochuluka kuposa za masiku onse. Kenako pali masiku 5 a pending delete, pamene palibe amene angachite kalikonse, ndipo akatha masiku amenewo dzina limatsegukira aliyense.

Koma musadalire masiku 45 onsewo. Ma registrar ena amadikira masiku ochepa, ndipo ena amaika dzinalo pamsika kuti anthu alipikisanirane lisanabwezedwe n'komwe. Muthamange sabata yomwe ino.

Zoti dzina la mwini wake labisidwa si zachilendo. Kuyambira 2018, pamene lamulo la ku Ulaya loteteza zinsinsi za anthu la GDPR linayamba kugwira ntchito, ma registrar ambiri saonetsanso mayina. Funso lalikulu ndi ili: mnyamata uja analembetsa m'dzina la bungwe kapena m'dzina lake? Fufuzani m'mapepala ndi m'maimelo akale, risiti iliyonse kapena uthenga wochokera ku registrar imeneyo.

Bambo Jere: Mayi, musadziimbe mlandu kwambiri. Zimenezi zinagwerapo ngakhale makampani aakulu. Mu December 1999 Microsoft inaiwala kulipirira passport.com, anthu n'kumalephera kulowa mu imelo yawo ya Hotmail, mpaka munthu wamba wodziwa za makompyuta analipira madola 35 m'malo mwawo. Chimene ine chimandipweteka n'chakuti mabungwe ang'onoang'ono ambiri sadziwa n'komwe kuti pali chinthu chofunika kulipirira chaka ndi chaka, chifukwa wowakonzera webusaiti sanawauze.

Nasibeko: Zikomo bambo. Ndikupita kukafufuza mafailo, ndibweranso.

Tiyamike: Achimwene a Mphatso, ndiyese kufotokoza mmene ndinamvera kusukulu, mundikonze. Ndikalemba dzina pa browser, foni yanga imafunsa ku root server, ndipo root server imakhala ndi mndandanda wa mayina onse a padziko lapansi ndi manambala ake a IP (adiresi ya kompyuta pa intaneti), ndiye imandiyankha. Si choncho?

Mphatso: Mwatsala pang'ono, koma muzu sudziwa mayina onse. Umangodziwa amene akusunga TLD iliyonse, basi. Mndandanda wake ndi waung'ono, uli ndi ma TLD oposa 1,400.

Foni yanu siyendayenda yokha. Imafunsa seva yotchedwa resolver, kawirikawiri ya kampani imene imakupatsani intaneti, kapena zina zodziwika ngati 8.8.8.8 ya Google ndi 1.1.1.1 ya Cloudflare. Resolver ndi imene imayenda ulendo wonse. Imafunsa ku muzu kuti www.example.com ali kuti. Muzu umati sindikudziwa, koma maseva a com ndi awa, kafunseni kumeneko. Maseva a com nawonso amati nambala sitikuidziwa, koma amene amayankhira example.com ndi awa. Resolver ikafika pa seva yachitatuyi, imene mwini dzina anasankha, m'pamene imalandira nambala ya IP. Aliyense amangodziwa wotsatira wake, ndipo palibe amene akusenza zonse.

Seva yomalizayo imasunga zinthu zingapo. A record ndi nambala ya IP ya mtundu wakale (IPv4), AAAA ndi ya mtundu watsopano (IPv6), MX imanena kumene maimelo azipita. N'chifukwa chake kwa amayi a Nasibeko webusaiti ndi imelo zafa tsiku limodzi: registrar yangosintha m'kaundula wa .org kuti dzinalo lizilozera ku maseva ake, kumene kulibe MX yawo.

Chinanso, resolver sibwereza ulendowu nthawi zonse. Yankho lililonse limabwera ndi nambala ya TTL, yonena masekondi amene yankholo lingasungidwe. Ngati TTL ndi 3600, resolver iziyankha kuchokera m'zimene yasunga kwa ola lathunthu. Dongosolo lonseli limatchedwa DNS. Ndiye anthu akamati "tadikirani DNS ifalikire", palibe chimene chikufalikira kwenikweni, tikungodikira kuti mayankho akale athe nthawi.

Bambo Jere: Tiyamike mwana wanga, zimene unanenazo zinalipodi kale, ndiye usaone ngati unaphonya kwambiri. M'masiku a ARPANET, netiweki imene inatsogolera intaneti, kunali failo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT, yosungidwa ku Stanford Research Institute ku California ndi gulu lotsogozedwa ndi mayi Elizabeth Feinler. Kompyuta yatsopano ikalowa pa netiweki, eni ake ankawauza anthu amenewa kuti ailembe, ndipo ena onse ankakopera failoyo nthawi ndi nthawi. Makompyuta atachuluka zinayamba kuvuta. Failo inkakula, anthu ankakhala ndi makope akale, ndipo mayina ankafanana.

Mu 1983 Paul Mockapetris anakonza dongosolo la DNS limene Mphatso wafotokozali. Nzeru yake yaikulu inali kugawa udindo, kuti aliyense azisunga kachigawo kake. Ma TLD oyamba anayamba kugwira ntchito mu 1985: .com, .org, .net, .edu, .gov ndi .mil, kuphatikizapo .arpa ya ntchito za m'kati. Dzina loyamba la .com linali symbolics.com, pa 15 March 1985. Poyamba lililonse linali ndi tanthauzo lake, .com ya amalonda, .net ya oyendetsa netiweki, .org ya mabungwe ena. Lero zitatuzi aliyense akhoza kulembetsa, ndiye .org payokha si umboni woti bungwe ndi lachifundo. Zimene zikadali zotsekedwa ndi .gov ndi .mil, za boma ndi asilikali a United States, komanso .edu, imene masiku ano imaperekedwa ku sukulu zapamwamba zovomerezeka za dziko lomwelo.

Kwa zaka zambiri muzuwo unkayang'aniridwa ndi munthu mmodzi, Jon Postel, wa ku University of Southern California, pansi pa dzina lakuti IANA. Anamwalira mu October 1998, chaka chomwe bungwe la ICANN linakhazikitsidwa kuti litenge ntchitoyo.

Limbani: Bambo, mbiri mwaifotokoza bwino, koma taonani mayina onse mwatchulawo ndi a dziko limodzi. Ine ndinawerenga kuti root server zilipo 13 zokha ndipo zonse zili ku America, komanso kuti pali anthu 7 okhala ndi makiyi othimitsira intaneti. Ngati ndi choncho, tonsefe tikukhala m'nyumba ya eni ake. Tsiku limene adzakwiye ndi dziko lina adzangolifafaniza.

Mphatso: Achimwene a Limbani, zina mwanenazo n'zoona, zina ayi. Nambala 13 ndi ya mayina a maseva, kuyambira chilembo A mpaka M, osati ya makina. Inasankhidwa kale chifukwa mndandanda wonse unkayenera kukwana m'uthenga umodzi wa mabaiti 512. Mayina 13 amenewa amayendetsedwa ndi mabungwe 12, chifukwa Verisign ili ndi awiri, A ndi J. Atatu ali kunja kwa United States: I ndi ya Netnod ya ku Sweden, K ndi ya RIPE NCC ya ku Netherlands, M ndi ya WIDE Project ya ku Japan. Kuseri kwa chilembo chilichonse kuli makina ambiri omwazikana m'maiko osiyanasiyana, onse oyankha pa nambala imodzi ya IP kudzera mu njira yotchedwa anycast. Onse pamodzi amaposa 1,000, ndipo funso lanu limangopita ku makina amene ali pafupi.

Makiyi aja ndi a DNSSEC, njira yosainira mayankho kuti resolver idziwe kuti sanasinthidwe panjira. Muzu unayamba kusainidwa mu 2010. Mwambo wogwiritsa ntchito kiyi wamkulu umachitika kanayi pachaka, ku El Segundo ku California ndi ku Culpeper ku Virginia, pamaso pa mboni zochokera m'maiko osiyanasiyana. Makiyiwo ndi osainira, sathimitsa kalikonse.

Ndipo mgwirizano umene unkapatsa boma la America mphamvu yovomereza kusintha kulikonse pa muzu unatha pa 30 September 2016. Mu 2022 boma la Ukraine linapempha ICANN kuti ichotse .ru ya Russia, ICANN inakana.

Limbani: Chabwino, za makina ndamva. Koma ICANN likulu lake lili ku Los Angeles ndipo imamvera malamulo a California. Verisign nayo ndi kampani ya konko. Mu 2012 boma la America linalanda megaupload.com pomwe mwini wake ankakhala ku New Zealand. Ndiye musandiuze kuti mphamvu ndi yofanana.

Mphatso: Pamenepo sindikutsutsani. Khoti la dziko limene registry ili likhoza kulamula kuti dzina lilandidwe, ndipo .com imagwa pansi pa makhoti a ku America. Ine ndimangosiyanitsa zinthu ziwiri. Kulanda dzina limodzi kudzera ku registry kumachitika, ndipo kwachitika kambirimbiri. Kufafaniza TLD ya dziko lamoyo chifukwa cha ndale ndi nkhani ina, ndipo amene angayese akhoza kuchititsa kuti maiko ena ayambe kusunga muzu wawowawo. Phunziro la mfundo yanuyi n'lakuti posankha TLD mukusankhanso malamulo amene dzina lanu lizimvera.

Chisomo: Mawu omalizawo andigwira. Pulogalamu yanga yaing'ono ndinaiika pa .io chifukwa anzanga onse olemba mapulogalamu ali pamenepo. Ndiye kuti nayo ndi ya dziko?

Mphatso: Inde achemwali. TLD iliyonse ya zilembo ziwiri ndi ya dziko kapena chigawo, ndipo amaitcha ccTLD. .io ndi ya British Indian Ocean Territory, zilumba za Chagos. .tv ndi ya Tuvalu, .ai ndi ya Anguilla, .me ndi ya Montenegro, .fm ndi ya Micronesia, .ly ndi ya Libya. Postel sanafune kukhala woweruza kuti dziko ndi liti, ndiye anangotsatira ISO 3166, mndandanda wa zilembo zoimira maiko wa bungwe la miyezo la ISO. N'chifukwa chake zina zimadabwitsa: .za ya South Africa ikuchokera ku mawu a Chidatchi akuti Zuid-Afrika, .ch ya Switzerland ikuchokera ku dzina la Chilatini la dzikolo. .uk ndi yopatuka, chifukwa pa mndandandawo dzikolo ndi GB.

Kwa tizilumba tina zilembo ziwirizi zasanduka chuma. Anguilla inapeza madola pafupifupi 32 miliyoni a ku America mu 2023 kuchokera ku .ai, makampani a luntha la makompyuta atayamba kuzithamangira.

Koma ma ccTLD ambiri alibe mgwirizano womanga ndi ICANN ngati wa .com. Malamulo amaika ndi eni ake, ndipo pa ma ccTLD ena masiku 45 ndi 30 ndinatchula aja sagwira ntchito. Malire a maiko akasintha, dzina limakhudzidwanso. .yu ya Yugoslavia inachotsedwa mu 2010. United Kingdom itatuluka mu European Union, anthu a kumeneko amene sanali nzika za maiko a EU anataya ufulu wokhala ndi .eu kuyambira mu January 2021. Komabe .su ya Soviet Union, dziko limene linatha mu 1991, ikadalipo mpaka lero. Za .io, mu October 2024 boma la Britain linalengeza kuti lagwirizana zopereka zilumba za Chagos ku Mauritius, ndipo tsogolo la .io lidalira ngati ISO idzachotse zilembo IO pa mndandanda wake. Ngakhale zitatero, ndondomeko ya ICANN imapereka zaka zosachepera 5 zosamukira. Ndikanakhala inu sindikanathawa lero, koma ndikanalembetsa dzina lina pambali.

Tiyamike: Nanga izi za .shop, .app, .africa zinachokera kuti? Kale sitinkaziona.

Bambo Jere: Zinabwera m'magulu. Mu 2000 ICANN inavomereza zisanu ndi ziwiri, kuphatikizapo .info, .biz ndi .museum. Chitseko chinatseguka kwambiri mu 2012, pamene aliyense wokhala ndi madola 185,000 ankaloledwa kupempha TLD yakeyake. Mapempho analipo 1,930, ndipo zoposa 1,200 zinalowa pa muzu. Pamene opempha anali angapo pankakhala kupikisana pa mtengo. Google inapereka madola 25 miliyoni pa .app mu 2015, ndipo .web inafika madola 135 miliyoni mu 2016. .africa inachedwa ndi milandu, inatsegulidwa mu 2017. Ya .amazon inakokanakokana kwa zaka, maiko ngati Brazil ndi Peru akunena kuti dzinalo ndi la mtsinje ndi nkhalango yawo, mpaka mu 2019 ICANN inalola kuti kampani ija ipitirize. Ine mtima wanga unali ndi maikowo, chifukwa mtsinjewo unali ndi dzina kampaniyo isanabadwe.

Nasibeko: Ndabweranso. Ndisananene zimene ndapeza, pa imelo yanga ina ndalandira uthenga woti dzina lathu lichotsedwa pakatha maola 24 ndikapanda kulipira. Pali linki yoyamba ndi dzina la registrar yathu lenileni, kenako .com, kenako kadontho ndi mawu ena ataliatali. Ndidine?

Mphatso: Musadine amayi. Gwiritsani ntchito lamulo lija lowerenga kuchokera kumanja. Dumphani https:// wa koyambirira, pezani kamzere kopendekeka koyamba, kenako mubwerere kumanzere. Taonani ichi: example.com.malipiro.example.net/lipirani. Maso amathamangira example.com, koma mwini wa linkiyi ndi example.net. Zonse za kumanzere kwake ndi tinthambi timene iye wadzilembera, ndipo akhoza kulembapo dzina la kampani kapena banki iliyonse. Pa mayina ngati example.co.uk mumatenga zigawo zitatu, chifukwa anthu amalembetsa pansi pa co.uk. Akamberembere amadziwa masiku amene mayina akutha chifukwa masikuwo ndi oonekera kwa aliyense, ndiye amatumiza mauthenga otere pa nthawi imene munthu ali ndi mantha. Lembani nokha adiresi ya registrar pa browser. Kaloko kamene kamaoneka pambali pa adiresi kasakunyengeni, kamangonena kuti zimene mukutumiza zabisidwa panjira, sikanena kuti mwini tsambalo ndi wokhulupirika.

Chisomo: Ndiwonjezereko kuti pali njira inanso ya zilembo zofanana. Chilembo a cha Chirasha chimaoneka ndendende ngati a wathu. Poyamba DNS inkalola zilembo 26 za Chilatini, manambala ndi kamzere basi. Zilembo zina, monga ŵ, zimasandulizidwa kukhala mawu oyamba ndi xn-- ngati registry ikuzilola. Zimenezi zinathandiza kwambiri, moti mu 2010 Egypt, Saudi Arabia ndi United Arab Emirates analandira ma TLD olembedwa m'Chiarabu. Koma mukaona xn-- pa linki yodzitcha ya kampani yodziwika, imani kaye.

Nasibeko: Ndawerenga kuchokera kumanja monga mwanenera, ndipo dzina lomalizalo si la registrar yathu. Ndaufufuta uthengawo. Zikomo ana anga.

Tsopano zimene ndapeza. Risiti ya zaka 4 zapitazo ilipo, koma ndi ya mnyamata uja, yolembedwa kuti "webusaiti ndi domain". Dzinalo analembetsa pa akaunti yake komanso m'dzina lake. Ndayesa kudzera kwa mlongo wake, ndipo madzulo ano wandiimbira yekha. Anasintha nambala atapeza ntchito ina, khadi limene ankalipirira linatha, ndipo mauthenga ochenjeza ankapita ku imelo imene anasiya kutsegula. Wapepesa kwambiri. Ndamutumizira ndalama, walipira zaka 2 tili pa foni pomwepo. Webusaiti yayamba kuoneka pa foni yanga, koma pa kompyuta ya ku ofesi ikuonetsabe zotsatsa zija.

Mphatso: Ndasangalala kwambiri amayi. Za kompyuta ya ku ofesizo ndi TTL ija, resolver ya kumeneko ikadasungabe yankho lakale. Ipatseni tsiku limodzi kapena awiri. Pamene mnyamatayo akuyankha foni, malizani zinazo. Tsegulani akaunti ya bungwe pa registrar yomweyo, iye akankhire dzinalo ku akaunti imeneyo, ndipo pa registrant palembedwe bungwe. Imelo ya akauntiyo isakhale ya pa domain yomweyo, chifukwa dzina likadzathanso simudzalandira chenjezo. Anthu awiri a m'bungwe adziwe pasiwedi, ndipo muyatse auto-renew kuti malipiro azichitika okha nthawi ikakwana. Ngati mukufuna kusamukira ku registrar ina mufunika auth code, kodi yachinsinsi yololeza kusamutsa dzina, koma dziwani kuti mukasintha dzina la mwini, ma registrar ambiri amatseka kusamuka kwa masiku 60.

Limbani: Nanga mnyamatayo akanakana, kapena dzinalo likanatengedwa ndi wina?

Mphatso: Ikanakhala nkhani yaitali. Pali ndondomeko yothetsera mikangano ya mayina yotchedwa UDRP, ya 1999, imene milandu yake yambiri imaweruzidwa kudzera ku WIPO, bungwe la ku Geneva loona za umwini wa zopangidwa ndi zizindikiro za malonda. Wodandaula amayenera kuonetsa kuti dzinalo likufanana ndi chizindikiro chake cha malonda, kuti winayo alibe chifukwa chomveka chokhalira nalo, komanso kuti analilembetsa ndi kuligwiritsa ntchito ndi cholinga choipa. Zonse zitatu, ndipo wodandaula ndiye amalipira. Kwa bungwe laling'ono si njira yapafupi.

Nasibeko: Mawa 9 koloko tapangana kuti tisamutse akauntiyo. Ndangoyesa kudzitumizira imelo kuchokera pa adiresi ina, sinabwerere koma sinafikenso. A Mphatso, MX ija ndikaione pati, pa registrar kapena pa hosting?

Mphatso: Bwererani pa lookup.icann.org muone pamene palembedwa nameservers, ndiwo maseva oyankhira dzina lanu. Kampani imene dzina lake likuoneka pamenepo ndi kumene MX yanu ili. Munditumizire chithunzi ku inbox, tiyang'ane limodzi mawa musanayambe kusamutsa.